Kalata, zenera ndi kapitawo: poyambira posankha makosi a Chisipanishi

Munthu amene akukonza makosi a digiri yachiwiri ya Chisipanishi amapatsidwa mndandanda wautali ndithu: mbiri ya chiyankhulo, zolemba za m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, mabuku a ku Latin America, ndi chiyankhulo china chochokera ku Chilatini. Ambiri amathamangira Cervantes ndi García Márquez, mbiri ija n'kuikankhira kumapeto. Kwa ife a kuno ku Linthipe, ine ndikuti tiyambe ndi mbiriyo, ndipo chiyankhulo chachiwiricho chikhale Chipwitikizi. Chifukwa chake chili m'kamwa mwathu momwemu.

Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo ankagula minyanga kwa Amaravi. Kuyambira 1580 mpaka 1640 Portugal ndi Spain zinali pansi pa mfumu imodzi. Choncho Gaspar Bocarro, amene anachoka ku Tete mu 1616 n'kudutsa kwa mfumu Muzura pa ulendo wa ku Kilwa, anali munthu wa Philip III wa ku Spain. Ku Mankhamba, likulu la Kalonga kufupi ndi Mtakataka m'boma lathu lomwe lino la Dedza, a Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi ndi mapale a mbale za ku China. Katundu ankayenda, mawu nawo ankayenda.

Tsono funso ndi ili: mawu amenewa ndi a Chipwitikizi kapena a Chisipanishi? Ena sangatiuze kanthu. Kalata ndi carta, kama ndi cama, mbatata ndi batata, makina ndi máquina, ndipo amalembedwa chimodzimodzi m'ziyankhulo zonse ziwiri. Amene amaulula chinsinsi ndi zenera ndi kapitawo. Zenera likuchokera ku janela, pomwe a ku Spain amati ventana, liwu la chibale ndi viento, mphepo. Kapitawo naye wasunga mchira wa capitão. Akanachokera ku capitán bwenzi tikuti kapitani.

Taonaninso mmene Chichewa chinawavekera zovala zake. Mu carta tinalowetsa lembo la liwu pakati pa r ndi t, poti ife sitigundanitsa makonsonanti otero. Sapato ndi batata tinawapatsa n ndi m kutsogolo n'kuwaika m'gulu limodzi ndi nyumba ndi mbuzi. Zenera linalowa gulu la li-ma, n'chifukwa chake timati mazenera. Zonsezi simungazifotokoze ngati simunaphunzire kasinthidwe ka maliwu, ndipo kosi ya mbiri ya chiyankhulo ndi imene imaphunzitsa zimenezo, kuchokera pa Chilatini, kudutsa pa galamala ya Nebrija ya 1492, mpaka lero.

Ndiye dongosolo lake lingakhale lotere. Semesita yoyamba tengani mbiri ya chiyankhulo ndi fonoloje. Yachiwiri yambani Chipwitikizi pamodzi ndi zolemba za nthawi ya ufumu umodzi ija, kuti muziwerenga nokha makalata ndi malipoti a ku Zambezi osadalira omasulira. Mabuku a ku Latin America abwere pambuyo, sathawa ayi.

Malire a 1891 anagawa Dedza ndi Angónia, koma anthu a mbali zonse ziwiri akuyankhulabe chiyankhulo chimodzi, uku chikubwereka ku Chingerezi, uko ku Chipwitikizi. Amene akusaka mutu wa kafukufuku, minibasi ya ku Dedza boda imufikitsa pamene pali deta yake.