Ndale za pa foni ndi zimene Livingstone inaona

Mu 1906, Livingstone ikali tauni ya fumbi, mzungu wogulitsa mankhwala dzina lake Leopold Moore anayambitsa nyuzipepala ya Livingstone Mail. Anali kuigwiritsa nchito podzudzula British South Africa Company imene inali kulamulira dziko lino. Koma mau anali a azungu okhaokha. Makolo athu, olo anali kulipira msonkho, analibe pokambira.

Lelo aliyense wa bando ya K5 ku Maramba kapena ku Libuyu ali ndi nyuzipepala yake m'thumba. Funso limene limandivuta n'lakuti: kodi kukamba kwambiri kwationjezera kudziwa?

Pa 21 December 2019, apolisi anamanga woimba Fumba Chama, amene timam'dziwa kuti Pilato, kuno ku Livingstone. Anali pa msonkhano wa acinyamata wokambirana za ulamuliro wa dziko. Laura Miti atabwera kudzamuona, nayenso anamangidwa. Nkhani inafalikira pa Facebook tsiku lomwelo, ndipo tinakwiya. Koma ambiri mwa ise, kuphatikizapo ine, sitinali kudziwa kuti lamulo la misonkhano, Public Order Act, n'la atsamunda, la mu 1955. Ndinalidziwa cifukwa wina ananditsutsa pa ndemanga yanga, ndipo manyazi ananditumiza kukawerenga.

Mu June 2020, apolisi atakaniza cionetsero ku Lusaka, acinyamata anathawira m'thengo n'kuulutsa madandaulo ao pa Facebook. Caka comweco kunali mkangano wa Bill 10. Aliyense anali ndi mbali. Koma ukam'funsa munthu kuti muli ciyani m'bilumo, nthawi zambiri anali kungochula dzina la cipani cake. Ocepa ndiwo anali kudziwa kuti inafuna kubweza ma deputy minister, ndiponso kulola boma la mgwirizano ngati palibe wopambana theka la mavoti. Bilu inagwa m'Nyumba ya Malamulo mu October 2020 itapereweza mavoti a magawo awiri mwa atatu.

Ndiye kunabwera 12 August 2021. Tili pa mizere yovota, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa. Pa tsiku limodzi, anthu amene sanamvepo za VPN anaiphunzira kwa anzao pa mzere. Bungwe la Chapter One Foundation linatengera ZICTA ku High Court, ndipo khoti inalamula kuti intaneti itsegulidwe. Ambiri anayamba kufunsa tsikulo kuti ZICTA ili ndi mphamvu zanji, ndipo imayankha kwa ndani.

Ine ndaona kuti kulemba maganizo pakokha kumangom'patsa munthu mtima woti ndi katswiri. Cimene cinandiphunzitsa ndi kutsutsidwa ndi munthu amene anawerengadi, ndi kutsekeredwa foni pa tsiku la masankho. Mu April 2025 kunasainidwa malamulo atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, okhudza comwe timalemba pa foni. M'gulu lathu la WhatsApp tinawakangana sabata yonse, ndipo palibe anatumizako lamulo lenilenilo.