Mbiri ya mpira wa ku Mchinji ili m'makope a alembi

Ku England, munthu akamalowa m'bwalo la mpira amagula kabuku ka pulogalamu komwe mumakhala tsiku la masewero, mayina a osewera ndi a oyimbira. Timabuku timeneti anthu amatisunga zaka zambirimbiri, ndipo ofufuza mbiri ya matimu amayambira pomwepo. Sheffield FC, timu yakale kuposa onse padziko lapansi, inayambitsidwa mu 1857 ndi anthu ongokonda mpira, osalipidwa. Mu 2011 inagulitsa zolemba zake zakale, kuphatikizapo malamulo a mpira olembedwa pamanja mu 1858, pa mapaundi 881,250.

Kuno kwathu mbiri ya matimu akuluakulu timaitsata ndi mayina a omwe ankawathandiza. Wanderers, yomwe imadziwikanso kuti Manoma, inayamba mu 1962, ndipo yakhala ikutchedwa Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Mu 1967 osewera ena anachoka ku Wanderers n'kuyambitsa Bullets. Mkulu akati "nthawi ya Bata Bullets", kapena wina akatchula Bakili Bullets yomwe inafika mu ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004, aliyense amadziwa zaka zomwe akunena. Silver Strikers, timu ya Reserve Bank, inabwera mu 1977, ndipo Super League inayamba mu 1986. Matimu amenewa nyuzipepala zinkawalemba, wailesi ya MBC n'kumaulutsa masewero awo.

Nanga anyamata a ku Kamwendo, Mkanda, Kapiri ndi pa boma? Mchinji, yomwe atsamunda ankaitcha Fort Manning, nayo ili ndi mbiri yake ya mpira, koma palibe yemwe ankasindikiza pulogalamu pa bwalo la sukulu. Mwana amayamba ndi mpira wachikulunga, wa majumbo omanga ndi zingwe. Akakula amalowa timu ya m'mudzi, ya tchalitchi kapena ya pa esiteti ya fodya. Ndalama ya jezi imachokera ku ganyu: timu yonse kukapalira munda wa munthu, kapena kukakumba mtedza. Tsiku la masewero amakwera lole, ena pa njinga, ndipo opambana bonanza amabwerera ndi mbuzi, mpira watsopano kapena kandalama kochepa. Chaka cha chisankho zikho za aphungu zimachuluka, kenaka zina zimazima mavoti akangowerengedwa.

Chomwe chimasunga zonsezi ndi kope la mlembi wa timu. Ndimalilemekeza kwambiri kope limeneli. Chikuto chake n'chothimbirira, masamba ena anadyedwa ndi chiswe, koma mkati muli chuma. Tsamba lina muli mayina 11 a oyamba masewero, goloboyi pamwamba. Tsamba lotsatira muli msonkhamsonkha wa mwezi, ndi mayina a omwe sanapereke atadulidwa mzere kunsi. Penapake mlembi analemba kuti masewero sanathe chifukwa ochemerera analowa m'bwalo oyimbira atakana chigoli. Ukawerenga modekha umaona ngakhale za chuma cha mudzi: chaka chomwe fodya anagulidwa bwino timu inagula nsapato, chaka cha njala masamba ali mbee.

Pano palinso nkhani ya malire. Kuchokera pa boma kudzera pa Mwami kukafika ku Chipata si patali, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ndi Achewa ndi Angoni omwewo, okwatirana komanso olirana maliro. Mnyamata amatha kusewera uku Loweruka, Lamulungu n'kukavala jezi ya kwa amalume ake ku Zambia. Mabuku a Football Association of Malawi, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1966, sangakuuzeni zimenezo.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti makopewa akutha. Mlembi akamwalira, kope limapita kokulungira mandasi. Masiku ano mndandanda wa osewera umatumizidwa pa WhatsApp, zithunzi n'kuikidwa pa Facebook, koma foni ikabedwa kapena kuwonongeka zonse zapita. Akuluakulu a mpira m'bomali atati asonkhanitse makope otsalawo, kuwajambula, ndi kukhala pansi ndi madala omwe ankasewera m'ma 1970 adakali moyo, ntchitoyo singadye ndalama zambiri. Malo osungirako alipo kale, ku National Archives ku Zomba.