Mbuna za M'galasi ndi Nthenda Yotupitsa Mimba

Mwambo wosunga nsomba m'nyumba, osati kuti zikhale ndiwo koma kuti maso akondwere nazo, unayambira ku China zaka mazana ambiri zapitazo, kumene anthu ankasankha tinsomba tofiira ngati golide natiswanitsa mibadwo ndi mibadwo, kufikira zina zinafupika thupi ndi kubulungira mimba. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, pakuti m'thupi lofupikalo kathumba ka mpweya, kamene Mlengi anaika m'nsomba kuti izitha kuima pakati pa madzi osamira kapena kuyandama, kamapanikizika. Ndipo kufikira lero nsomba zotere zimapezeka zitagadama pamwamba pa madzi, zamoyo ndithu, koma zosatha kudzitembenuza.

Nsomba za m'Nyanja ya Malawi zinalowa m'malonda a nsomba zosunga m'nyumba mochedwa. M'chaka cha 1959 Geoffrey Fryer, amene anafufuza zamoyo za m'miyala ya ku Nkhata Bay, anafalitsa zimene anaona za mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene asodzi athu sankatiwerengera kwenikweni. Ndipo m'zaka za m'ma 1960 tinayamba kukwezedwa ndege kunka ku Ulaya ndi ku Amereka. Pambuyo pake Stuart Grant anakhazikitsa malo ake ku Kambiri, m'boma la Salima, kumene Amalawi odziwa kumira ankagwira nsombazo ndi timaukonde ting'onoting'ono. Iwowa anaphunzira msanga kuti nsomba yogwidwa pakuya, ikakwezedwa mwaphuma, mpweya wa m'kathumba kaja umafutukuka, mimba n'kufufuma, nsomba n'kumangoyandama chammbali. Chifukwa chake ankazisiya pansi pomwepo m'zotengera, nazikweza pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Ine ndiyesa kuti kuleza mtima kwa anthu amenewa, amene maina ao sanalembedwe m'mabuku a kunja, ndiko kunachirikiza malonda onsewo.

Tsoka lalikulu linali kudikira kumaiko akutaliwo. Eni ake atsopano, pokonda ziweto zao, anazidyetsa zakudya zonona monga mtima wa ng'ombe wopera, osalabadira kuti mbuna zambiri zimakhalira kupala ndere pamiyala tsiku lonse, ndi kuti matumbo ake ndi aatali, oyenera zomera. Nthenda imene inabuka inali yomvetsa chisoni kuiona: nsomba imayamba yatola chakudya n'kuchilavula, kenaka ichoka pagulu nikabisala kuseri kwa mwala, ikupuma mwawefuwefu, chimbudzi chake chili lende ngati ulusi woyera, ndipo mimba ikafika potupa, kawirikawiri nthawi yochiza imakhala itapita, nsomba n'kufa m'masiku owerengeka. Anaitcha Malawi bloat, ngakhale kuti imagwiranso nsomba za m'Nyanja ya Tanganyika, ndiponso ndi nthenda ya m'matanki agalasi koposa ya m'nyanja yathu. Ndipo mtima wanga umawawa kuti dzina la dziko linamamatira pa chilema chimene chinakula ndi kasungidwe kolakwika.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo panapita zaka kuti osunga nsomba asiyanitse matenda amene poyamba ankaoneka amodzi. Nsomba yogadama koma yofunabe kudya, vuto lake limakhala la kathumba ka mpweya kapena kudzimbidwa, ndipo nthawi zina kuimana chakudya masiku awiri kapena atatu kumaiwongola. Ina imadzala madzi m'thupi, mamba ake n'kuima nyankhalala, chizindikiro chakuti impso zalephera, ndipo yotere sichira kawirikawiri. Za nthenda ya mbunayo, akatswiri akutsutsanabe pa gwero lake lenileni, koma ambiri amaloza tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'matumbo, timene timachuluka pamene nsomba yafooka ndi madzi akuda, kuthithikana, kuzunzidwa ndi zinzake zaukali, kapena chakudya chosayenera. Pa chifukwa chimenechi mankhwala a metronidazole amaperekedwa msanga, nsomba ikangoyamba kulavula chakudya, mimba isanatupe. Ndipo osunga mbuna a masiku ano, amene nsomba zao zambiri zinabadwira m'matanki osaionapo nyanja, amazidyetsa pang'onopang'ono zakudya zopangidwa ndi ndere ya spirulina, nasintha gawo la madzi sabata ndi sabata.