Mwaye wa Kudenga ndi Mbewu za kwa Mlolo

Kwa Mlolo m'boma la Chadiza ku Zambia, monganso m'midzi ina ya Achewa a Kalonga Gawa Undi, nyumba yophikiramo inali nkhokwe yachiwiri. Akakolola, amayi ankasankha chimanga chachikulu chodzaza bwino, n'kuchimangirira ndi makoko ake omwe, n'kuchipachika kudenga pamwamba pa mafuwa, pafupi ndi ngala za mapira ndi mawere, mbewu zimene zinkadyetsa anthu chimanga chisanabwere ndi Apwitikizi. Pofika mvula yoyamba, chimangacho chinkakhala chitada bii ndi utsi, koma anankafumbwe sankachiboola kwenikweni, ndipo chikadzalidwa chinkamera. Mwambowu unali wolondola pa zimene unkafuna, koma mphamvu yomwe inkateteza mbewu ndi yomweyo imene imavulaza chifuwa cha wophika.

Nkhuni zikamanyeka mpweya uli wochepa, sizipsa kotheratu. Kaboni wake amalumikizana n'kupanga timphete ta maatomu 6, mpangidwe wa benzene, mankhwala amene Michael Faraday anawatulukira ku London mu 1825, ndipo August Kekulé anafotokoza maonekedwe ake mu 1865. Kamphete kameneka n'kovuta kuthyoka chifukwa maelekitironi ake sakhala pamalo amodzi, amagawanidwa kuzungulira kamphete konse. N'chifukwa chake mwaye umakhala kudenga zaka zambiri osawola. Timphete tiwiri togundana timapanga naphthalene, yemwe ali m'timibulu toyera tothamangitsira njenjete m'sutikesi, ndipo achibale ake a benzene otchedwa phenol, ochokera m'thupi la mtengo, amapha nkhungu ndi kuingitsa tizilombo. Ena amati chinkagwira ntchito ndi kutentha chabe, poti mbewu youma gwa sigwidwa msanga. N'zoona kuti kuuma kunkathandiza kwambiri, koma chimanga chouma bwino cha m'nkhokwe chimafumbwabe. Phula lakuda lomatirira pamakoko linali mpanda wachiwiri, ndipo linkatetezanso udzu ndi phaso la denga.

Mwambowu unafooka pamene mbewu inayamba kugulidwa. Chimanga cha haibridi cha SR52 chinatulutsidwa ku Southern Rhodesia mu 1960, ndipo Zambia italandira ufulu mu 1964, boma linalimbikitsa haibridi ndi feteleza. Mbewu yoteroyo siibwerezedwa, choncho chopachika kudenga chinachepa, ndipo ntchito ya utsi inatengedwa ndi mankhwala a ufa monga Actellic. Utsi wokhawo ndi umene unatsala m'khitchini, ndipo apa m'pamene pali chisoni: denga la udzu linkapuma, utsi n'kumatulukira m'mipata, pamene khitchini ya njerwa ndi malata yopanda zenera imausunga pamphuno pa mayi ndi mwana amene wamubereka kumbuyo.

Wina anganene kuti agogo athu anakalamba ali pautsi, nanga vuto lachokera kuti? Timakumbukira amene anakalamba, koma amene chifuwa chinawatenga ali makanda sitiwawerenga. Kale mu 1775, dokotala Percivall Pott wa ku London anaona kuti amuna amene ankasesa mwaye m'machumuni kuyambira ali ana ankadwala khansa ya kumaliseche, ndipo mu 1933 gulu la Ernest Kennaway linapeza mmodzi mwa olakwa m'phula la malasha: benzo[a]pyrene, wa timphete 5. Thupi poyesa kumusungunula kuti atuluke, limamusandutsa chinthu chomata pa DNA, ndipo selo limayamba kukula molakwika. Mankhwala omwewa ali mu utsi wa nkhuni ndi wa fodya. Bungwe la WHO linati utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni mu 2020, ambiri chifukwa cha chibayo ndi matenda a mtima ndi mapapo.

Sikuti mwambowo utayidwe, makamaka tsopano pamene alimi ena akusungabe chimanga cha makolo chifukwa mbewu ya m'sitolo yakwera mtengo. Mbewu imafuna utsi pang'ono tsiku ndi tsiku, koma munthu saufuna n'komwe. Chimanga chipachikidwe m'chisakasa chotseguka m'mbali, pamwamba pa mbaula ya dothi yosawononga nkhuni, monga chitetezo mbaula ya ku Malawi, ndipo nkhuni zake zikhale zouma, chifukwa zaziwisi ndi zimene zimafuka kwambiri.