Nkhadze, Mpanda Wamoyo wa ku Dowa ndi Ntchisi

 M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi mtengo wopirira chilala umene anthu ankadalira ndi nkhadze, ndipo ankaidzala chifukwa cha chitetezo osati kukongoletsa pakhomo. Angoni a Chiwere atakhazikika ku Dowa m'zaka za m'ma 1800, Achewa ambiri anathawira m'mapiri ngati la Ntchisi, ena n'kudzitchinga m'malinga. Mipanda yamoyo inkadziwikanso kwina: David Livingstone, m'buku lake la 1865, anafotokoza za midzi ya Amang'anja yozunguliridwa ndi mipanda ya mitengo yautomoni wakupha. Nkhondo za Angoni zinali zikutha pamene mishoni ya Mvera inkakhazikika kuyambira 1889, koma luso la mpanda wamoyo linatsalira pa makola, m'madimba ndi m'malire a minda.

Ena amati nkhadze njoopsa, ndipo sakunama: utomoni wake woyera ukagwera m'diso umatentha koopsa. Komatu ukali womwewo ndi umene umabweza ng'ombe ndi wakuba. Enanso amati mpanda wanjerwa ndiye wamakono. Koma njerwa zimafuna nkhuni zootchera, pamene mapiri athu ayera kale. Nkhadze imangofuna kudula nthambi m'chilimwe, kuisiya kuti bala liume, n'kuizika panthaka yosadikha madzi, pakuti chinyontho chambiri chimaoletsa tsinde. Ikagwira, mwini amangoisadza. Mlimi wakumapiri amene alibe ndalama ya simenti kapena waya sanatsalire m'mbuyo podzala nkhadze.