Malire a Malamulo pa Makompyuta a AS/400

Kampani ya IBM itatulutsa kompyuta ya AS/400 mu Juni 1988, inapitiriza njira imene inayamba ndi System/38 ku Rochester, m'boma la Minnesota, yoti chilichonse chosungidwa m'makinawo, kaya ndi fayilo, pulogalamu kapena lamulo lopatsidwa kwa kompyuta, chikhale ndi mwini wake komanso mndandanda wa oloredwa kuchigwiritsa ntchito. Makina apakatikatiwa, amene anali ocheperapo poyerekeza ndi makompyuta akuluakulu koma otha kutumikira antchito ambiri nthawi imodzi, anafala m'mabanki, m'mafakitale ndi m'makampani ogulitsa katundu wapikulitsa.

Ngakhale chitetezo cha fayilo iliyonse chinalipo kuyambira pachiyambi, oyang'anira makina ambiri anasankha njira yachidule. Pa mbiri ya wantchito aliyense pali gawo lotchedwa LMTCPB, limene likaikidwa pa *YES limamuletsa kulemba malamulo mwachindunji, kupatulako ochepa monga SIGNOFF, lotulukira m'makina, ndi DSPMSG, lowerengera mauthenga. Motero kalaliki ankangoona mndandanda wa ntchito zimene anamukonzera. Izi zinkakwanira pamene khomo lolowera linali limodzi, lomwe ndi sikirini ya zilembo zobiriwira ya 5250.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990, makinawa atalumikizidwa ndi makompyuta apadesiki kudzera mu FTP ndi ODBC, chifukwa wantchito yemweyo anayamba kutha kukopera fayilo yonse ya malipiro osadutsa pa mndandanda uja, ndiponso njira zina zotumizira malamulo kuchokera kutali sizinkalabadira LMTCPB n'komwe. Apa mpamene zinaonekera kuti kubisa malo olembapo lamulo sikunachotse mphamvu zimene munthuyo anali nazo pa mafayilo. IBM inapereka mwayi woika mapulogalamu olondera pa makomo atsopanowa, amene amavomereza kapena kukana pempho lisanagwire ntchito.

Kulemba zochitika kunakula padera. Kaundula wotchedwa QAUDJRN amasunga zochitika zokhudza chitetezo m'njira yoti cholembedwa sichingasinthidwe, ndipo woyang'anira akagwiritsa ntchito CHGUSRAUD n'kusankha *CMD, lamulo lililonse limene munthu wosankhidwayo wapereka limalembedwa ndi chizindikiro cha CD, pamodzi ndi nthawi yake. Lamulo la dziko la United States la Sarbanes-Oxley la 2002 litakhwimitsa kafukufuku wa mabuku a ndalama, ofufuza anayamba kufunsa makamaka za anthu amphamvu zonse monga ogwiritsa ntchito mbiri ya QSECOFR, amene palibe fayilo imene angakanizidwe.