Masiku Oyera a Ayuda: Maphunziro, Nyimbo ndi Chakudya

Ku Nkope, monganso m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja mpaka ku Mangochi boma, tili ndi matchalitchi ndi mizikiti, koma sunagoge kulibe. N'chifukwa chake ambiri a ife timawadziwa Ayuda kudzera m'Baibulo mokha, ndipo ena amayesa kuti zikondwerero zimene timawerenga m'Chipangano Chakale zidatha kalekale. Ayuda akuzisungabe mpaka lero. Abale athu amene ali ku Johannesburg, mzinda umene uli ndi Ayuda ambiri kuposa wina uliwonse mu Africa, ndi achinyamata amene akhala akupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kuyambira mu 2023, amaziona ndi maso awo.

Kawerengedwe ka masiku

Ayuda amawerenga miyezi potsata mwezi wakumwamba, monga amachitira anansi athu Asilamu. Kusiyana kwake n'kwakuti Ayuda amawonjezera mwezi wathunthu kasanu ndi kawiri pa zaka 19 zilizonse. Motero, pamene Ramadan imasuntha n'kuzungulira nyengo zonse, Pasaka wa Ayuda sachoka mu March kapena April. Mu September 2025 iwo adalowa chaka cha 5786 pa kawerengedwe kawo. Tsiku limayamba dzuwa likalowa, ndiye kuti Sabata limayamba Lachisanu madzulo. Mayi wa pakhomo amayatsa makandulo, banja limadalitsa vinyo ndi mikate iwiri, kenaka ntchito zonse zimaima mpaka Loweruka nyenyezi zitatuluka.

Sunagoge

Ayuda a kum'mwera kwa Africa, amene makolo awo ambiri adachokera ku Lithuania, amatcha sunagoge "shul", mawu a chiyankhulo cha Yiddish otanthauza sukulu. Dzinali si lapatali ndi zimene zimachitika m'menemo. Mabuku asanu a Mose, otchedwa Torah, amalembedwa pamanja pa mpukutu wachikopa ndipo agawidwa m'zigawo 54 zowerengedwa pa Masabata a chaka chonse. Wowerenga amachita kuimba mawuwo m'Chihebri, potsata kaimbidwe kamene adaphunzira kwa akuluakulu. Mnyamata akakwanitsa zaka 13 amaitanidwa kutsogolo koyamba kuti awerenge anthu onse akumva. Mapemphero a gulu amafuna anthu aakulu osachepera khumi.

Pasaka

Chikondwerero chimene akatekisti ayenera kuchidziwa bwino ndi Pesach, Pasaka wa Ayuda, wokumbukira kutuluka kwa Aisraele mu ukapolo ku Ejipito. Chimatenga masiku 7 ku Israel ndi masiku 8 m'maiko ena. Chisanayambe, nyumba imasesedwa mpaka osatsala ndi nyenyeswa yomwe ya buledi wotupitsa.

Pachimake pake ndi chakudya cha usiku woyamba, chotchedwa Seder, chimene chimadyedwa pakhomo kapena pamodzi mu holo ya sunagoge. Aliyense amakhala ndi kabuku kotchedwa Haggadah, ndipo chodabwitsa n'chakuti phunziro silimayamba ndi mkulu ayi. Mwana wamng'ono koposa onse ndiye amaimirira n'kuimba mafunso anayi okhudza zachilendo zimene akuziona usikuwo, ndipo nkhani yonse ya m'buku la Eksodo imakambidwa ngati yankho kwa iye. Chilichonse cha patebulo chili ndi mawu ake. Buledi wosatupitsa, matzah, akukumbutsa liwiro la paulendo. Masamba owawa ndi kuwawa kwa ukapolo, madzi amchere ndi misozi, ndipo zipatso zosinja pamodzi ndi mtedza zikufanana ndi dothi loumbira njerwa za Farao. Kachidutswa ka matzah kamabisidwa kuti ana akafunefune, n'kupatsidwa mphatso akakapeza. Iyi ndi njira yoti asagone mwambo usanathe, ndipo aliyense amene adaphunzitsapo ana a m'kalasi la Ukaristia woyamba nthawi ya masana angavomereze kuti ndi nzeru. Amamwa zikho zinayi za vinyo, ndipo amaimba Masalimo 113 mpaka 118, otchedwa Hallel. Akatswiri ambiri a Baibulo amati nyimbo imene Marko 14:26 akunena kuti Yesu ndi ophunzira ake adaimba asanapite ku Phiri la Olivi idali ya m'masalimo omwewa.

Pano pali zinthu ziwiri zofunika kusamala pophunzitsa. Choyamba, Seder ya masiku ano idakhazikika Nyumba ya Mulungu ya ku Yerusalemu itagwetsedwa ndi Aroma m'chaka cha 70. Kuyambira pamenepo nsembe ya mwanawankhosa idaleka, choncho si bwino kunena kuti Mgonero wa Ambuye udachitika ndendende monga Seder ya lero. Chachiwiri n'chachikulu koposa. Kwa zaka mazana ambiri ku Ulaya, Sabata Loyera idali nyengo ya mantha kwa Ayuda, chifukwa Akhristu ena ankawachitira nkhanza powanena kuti ndiwo adapha Yesu. Mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata cha Nostra Aetate, udanena poyera kuti mlandu wa imfa ya Khristu sungaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo, ngakhalenso pa Ayuda a lero. Papa John Paul II, amene adadzacheza kuno ku Malawi mu 1989, adakalowa m'sunagoge wamkulu wa ku Roma pa 13 April 1986. Katekisti wofotokoza masautso a Ambuye pa Lachisanu Loyera asankhe mawu ake akudziwa zimenezi.

Zikondwerero zina

Patapita milungu isanu ndi iwiri pamabwera Shavuot, amene timamudziwa ndi dzina la Pentekoste. Amakumbukira kulandira Malamulo pa Phiri la Sinai. Ambiri amachezera usiku wonse akuphunzira, amawerenga buku la Rute, n'kudya zakudya zamkaka. Mu September kapena October, kuno kukutentha, pamabwera Chaka Chatsopano, Rosh Hashanah, pamene amaliza lipenga la nyanga ya nkhosa yamphongo ndi kudya apozi woviika mu uchi. Pa tsiku lakhumi ndi Yom Kippur, Tsiku la Chipepeso, losala kudya ndi kumwa kwa maola pafupifupi 25. Kenaka Sukkot, pamene mabanja amamanga misasa panja n'kumadyeramo masiku 7, ndipo pomaliza pake amavina atanyamula mipukutu ya Torah. Hanukkah, wa masiku 8 a nyale ndi zakudya zokazinga m'mafuta, amatchulidwa pa Yohane 10:22. Nkhani yake ili m'mabuku a Amakabeo, amene ali m'Baibulo la Akatolika koma m'Baibulo la Ayuda eniakewo mulibe.

Pa zikondwerero zonsezi chakudya chiyenera kukhala kosher, kutanthauza chololedwa. Nkhumba n'njoletsedwa, ndipo nyama saiphika kapena kuidya pamodzi ndi mkaka. Lamulo la nsomba, pa Levitiko 11, limalola zokhazo zimene zili ndi zipsepse ndi mamba. Myuda atafika padoko la ku Nkope angagule chambo, utaka kapena usipa, koma kampango ndi mlamba angazisiye, ngakhale zitanona bwanji.

Kwa anansi athu ku Zambia

Ayuda oyamba kukhazikika ku Zambia adali amalonda, monga Elie ndi Harry Susman, pachibale, amene adawoloka Zambezi mu 1901 kukagula ng'ombe kwa Alozi. Ku Livingstone adaika mwala wa maziko a sunagoge mu 1928, ndipo masunagoge ena adamangidwa ku Lusaka ndi ku Copperbelt. M'zaka za m'ma 1950 chiwerengero chawo chidafika pafupifupi 1,000. Mmodzi wa iwo, Simon Zukas, adathamangitsidwa ndi boma la atsamunda mu 1952 chifukwa chomenyera ufulu wa anthu akuda, ndipo pambuyo pake adadzakhala nduna ya boma. Adamwalira mu 2021.

Dzikolo litalandira ufulu mu 1964, mabanja ambiri adasamukira kwina, mpaka kupeza anthu khumi a mapemphero kudayamba kuvuta. Magulu ang'onoang'ono otere a m'maiko a kuno akhala akuthandizidwa ndi bungwe la African Jewish Congress, limene mphunzitsi wake, Rabbi Moshe Silberhaft, wayenda maulendo ambiri kuchokera ku Johannesburg kukawachezera. Nyumba ya sunagoge wa ku Livingstone idasanduka tchalitchi cha Akhristu, ndipo mbiri ya anthu amene ankapempheramo ikusungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ya Gateway Jewish Museum mumzinda womwewo.